Ba Emelda Njobvu ndi Chithunzi cha M'mimba Mwawo

Nonse munamva, musanamizire. Pampopi, pamsika wa Mtendere, ngakhale pamaliro penipeni sabata yatha, anthu amanong'onezana kuti Ba Emelda Njobvu, mkazi wamasiye, anatenga mimba yosadziwika mwini wake. Ba Fada andilola kulemba mbiri yawo m'kapepala ka parishi. Ndine Belinda, mwana wa Ba Petronella, ndipo ndikamba zonse.

Ba Emelda anabadwira ku Petauke mu 1979. Sukulu analekezera Giredi 4 kuti alere azing'ono awo, mayi awo atamwalira. Ku Lusaka anabwera ali mtsikana, nayamba ntchito yochapa ndi kuchisa zovala m'nyumba za ku Kabulonga, wapansi tsiku lililonse. Anakwatiwa ndi Ba Whyson, mlonda, koma mwana sanaone. Ba Whyson atagwa sitiroko, anawasambitsa ndi kuwadyetsa zaka zisanu mpaka kuwaika m'manda.

Kutchalitchi anali m'bungwe la amayi a yunifomu, ndipo ndiwo amachapa nsalu za paguwa. Apa ndiye pamatiwawa. Mayi anga analowa m'bungwemo Ba Emelda asanalowe, koma nsaluzo sanazigwirepo. Sondo iliyonse Ba Fada, "Tithokoze Ba Emelda." Nanga ife sitichapa? Sopo yomweyi, simbi ya malasha yomweyi, fumbi la Mtendere lomweli, koma zawo zimayera ngati angozigula. Ukawafunsa chinsinsi amangoti, "Nimayambira kuchisa kwamene anthu saona." Ine zimanditentha mtima.

Zaka ziwiri zapitazo ndinapita kuchipatala kukazulitsa dzino. Pabenchi ya chipinda cha sikani ndinaona Ba Emelda pakati pa amayi apakati, envulopu m'manja. Kuno sikani timaidziwa ya chinthu chimodzi, kuona mwana. Dzino ndinaliiwala, ndinathamangira kunyumba.

"Mami, ganizani nani namuona pa laini ya sikani!"

"Nani?"

"Ba Nsalu Zoyera."

Mayi anaika mpeni pansi. "Ndiye chifukwa chitenge chakwera pamimba! Iwe, usauze munthu."

Pofika Sondo nkhani inali itafika kwa Ba Exildah, apampando a bungwe. Anawaitana Ba Emelda nawauza kuti avule yunifomu, azikhala kumbuyo. "Nili na chotupa, osati mwana," anatero Ba Emelda. Wina anayankha, "Chotupa chamene chizalira mu Ogasiti," amayi nkuseka. Lamulo la bungwe lathu mukulidziwa: wovulidwa yunifomu saikidwa nayo m'manda, ndipo amayi sanyamula bokosi lake. Kwa munthu wopanda mwana, bungwe ndiwo anali abale. Nsalu za paguwa zinabwera kwathu. Ndinavina m'nyumba, sindibisa.

Patapita miyezi iwiri Ba Emelda anagogoda kwathu masana ndi envulopu yaikulu. Anatulutsa chithunzi chakuda nachiimika pawindo. Anati sikani yoyamba ija, yopaka mafuta ozizira pamimba, sinaone mwana, inaona chinthu cholimba. Ndiye anawatumiza kuchipatala chachikulu, ku makina a MRI, amene umalowamo chogona ngati mumgolo, phokoso ngati chigayo, osagwedezeka. Korona yopempherera anawavula chifukwa ili ndi waya, ndiye anapemphera powerenga zala. Kenako anachotsa kanyama ndi singano kukayeza. Dokotala anati dzina lake ndi desimoidi. Si khansa yoyenda m'thupi, koma chimakula pomwepo nkugwira zonse zapafupi. Chawo chinali chitagwira matumbo, moti kudula sikukanatheka, anangowapatsa mankhwala.

"Ba Petronella, nabweretsa kwa imwe, osati ku komiti ya bungwe," anatero. "Nikapeleka ine, bazafunsa nani anayamba, bazakuvulani. Mukapeleka mweka, bazakumverani chifundo."

"Manje ine ndine dokotala?" anatero mayi. "Nione chani apa, mitambo?"

Ba Emelda anangosiya envulopu patebulo, natsanzika bwinobwino. Mayi anaiponya pamwamba pa wodilopu. Inakhala pamenepo pafupifupi zaka ziwiri.

Ogasiti anadutsa, mwana kulibe. Nkhani inangosintha, akuti anachotsa, ndipo chatsalacho ndi chilango. Ba Emelda amafika oyamba ku Misa, kusesa pakhomo, nkukhala pabenchi yomaliza ndi diresi wamba. Koma taonani! Ana onse anayamba kukhala kumbuyoko. Ba Fada potuluka amayambira iwo kupereka moni. Ife tili kutsogolo ndi nsalu zathu, palibe wotiyang'ana. Tsiku lina nsalu ina ndinaiwotcha ndi simbi, iwo anaona, nandinong'oneza, "Pinda apa, mwana wanga, sipazaoneka." Kunyumba ndinalira ndi ukali. Munthu tamulanda zonse, akutiposabe.

Anaonda, kuyenda kunayamba kuvuta, koma sanadandaule. Lachiwiri lapitalo masana, atadzozedwa mafuta oyera ndi Ba Fada, anapempha tiyi, anamwa pang'ono, nagona. Sanadzukenso.

Komiti inati aikidwe ndi zovala wamba. Lachinayi m'mawa mayi anakwera pampando, natsitsa envulopu, naipukuta fumbi. Tinapita kunyumba ya maliro. Pakati pa amayi onse mayi anagwada.

"Ndine ninayamba. Pepala iyi banandipatsa kudala, ninabisa."

Ba Nchimunya, nesi wa m'bungwemo, anawerenga pepala la dokotala mokweza. Mayi anamasula duku la bungwe okha, naliika m'manja mwa Ba Exildah. Palibe anawaletsa.

Ba Emelda anapita atavala yunifomu, amayi atanyamula bokosi, mabasi anayi odzaza. Agogo anga anapita ndi lole imodzi, koma izo zisiyeni. Ambuye awalandire mtumiki wawo, ndipo ife atichiritse. Mayi tsopano amakhala kumbuyo, ndipo ine ndimakhala nawo.

Komabe Lachisanu, dothi lisanaume, ndinamva wina pampopi akuti mapepala a dokotala amagulidwa. Nkhani ya mimba ija ine ndinauza munthu mmodzi yekha. Mayi akuti anauza awiri. Koma Mtendere yonse inadziwa mpaka ku Kalingalinga. Inu amene mukuwerenga, munauza angati?