Ndinkafuna Kufufuta Nachisale

Mwana wanga Tadala, Mulungu amudalitse, amaphunzira zoumba pakompyuta ku Zomba. Patchuthi ankaumba mutu wanga kuti akapereke pamayeso. Anandionetsa kuti chilichonse chili pamzere wake, amati leya: mpango pawokha, makwinya pawokha, chithunzi chakumbuyo pansi penipeni.

Chithunzicho anajambula padoko la Kachulu, ndipo pathandala la matemba panaima Nachisale, mayi amene anandisunthira malire a munda wa mpunga. Akuseka!

"Mchotse wakubayo," ndinatero.

"Amayi, ndi kadontho chabe. Musakhudze."

Atapita kumjigo, ndinakhudza. Ndinadina kachizindikiro ka bini yotayamo zinyalala, uku ndikung'ung'udza nyimbo ya kutchalitchi. Makwinya onse, ntchito ya masiku atatu, anazimiririka, Nachisale ali chiimire. Mwamantha ndinadinadina paliponse mpaka kubweza zofufutikazo kunakanika.

"Chachita chokha," ndinanama Tadala atabwerako.

Tadala anandikhazika pampando masiku ena atatu, kuumbanso akundiyang'ana. Mayeso anakhoza, ndikuthokoza Ambuye. Koma nkhope imene anakaperekayo ndi ya masiku amenewo, yokwinya ngati ndaluma ndimu, Nachisale akusekabe kuseri kwa khutu langa.