Malaya a Nambala Eyiti

Timu ya parishi yathu, kufupi ndi Chisepo, idali ndi malaya khumi ndi amodzi basi. Munthu akatuluka m'bwalo ankavula malaya ake n'kupatsa wolowa m'malo mwake, thukuta lili noninoni. Palibe ankaona chachilendo.

Ine ndinkasewera pakati, nambala eyiti. Kulanda mpira, kugawa, kubwerera kumbuyo. Msuweni wanga, mwana wa amalume, naye ankasewera pakati, koma nthawi zambiri ankayambira panja. Ndi wamng'ono kwa ine. Kuimitsa mpira ndidamuphunzitsa ndine, kuseri kwa zigafa za fodya.

Tsiku lina tidapita kukasewera ku Ntchisi Boma. Tidamva kuti kubwera munthu wa timu yaikulu ya ku Lilongwe kudzasankha achinyamata. Gawo loyamba ndidasewera ngati sindidzaseweranso. Chigoli chathu chidachokera kwa ine: ndidadutsa anthu awiri, n'kupatsira mnzathu wakutsogolo, iye n'kumwetsa. Titatsala pang'ono kupumula, wina adandiponda chala chachikulu, chikhadabo n'kuzuka. Nsapato ndidalibe. Ndidavula malaya, msuweni n'kuvala.

Mpira utatha, munthu uja adabwera ndi kapepala m'manja. "Nambala eyiti ali kuti?" Anzathu adaloza amene adavala malayawo. Ine ndidali pansi pa mtengo, chala chokulunga nsanza, chifuwa chili pamtunda. Sindidayankhule. Ndinkati wina anena. Palibe adanena.

Adamutenga. Chaka choyamba ku timu ya achinyamata, kenako timu yaikulu. Dzina lake lidayamba kumveka pa wailesi. Adapita ku Joni, ndipo pano ali ku Ulaya, dziko la Slovakia, kumene akuti amasewera atavala magolovesi chifukwa cha kuzizira. Ine ndili kumunda. Chimanga, mtedza, fodya. Anthu akaunjikana pa foni kuonera mmene akugawira mpira, ndimangodutsa. Kutembenuka kuja amachita ndi phazi lamanzere ndi kwanga. Mayi a kunyumba amati nsanje idzandipha. Sindikana.

Chaka chatha adabwera ku maliro a amalume. Titaika, tidakhala awiri pakhonde. Thupi lidasintha, koma pakamwa mpomwe paja.

"Asuweni, chala chija chidamera chikhadabo, kapena mukuyendabe ngati bakha?"

"Chidamera. Iwe, ndikufunse. Nambala eyiti amafuna munthu uja, adali ndani?"

Adaseka. Kenako adaona kuti ine sindikuseka.

"Aa, zaka zonsezi mudasunga zimenezo?"

"Yankha."

"Munthu ujatu gawo loyamba sadalione. Galimoto yake idatitimira m'matope panjira. Adafika ife tikupumula, nsapato zili m'manja. Adandiuza yekha ku Lilongwe."

"Bodza."

"Kafunseni akatekisiti. Si ndiwo adamulandira?"

Iye adadzuka kukapereka moni kwa anthu amene ankamudikira pabwalo, ena atakonza kale mafoni kuti ajambulitse naye.

Akatekisitiwo ndiwo ankayenda ndi timu yathu kulikonse. Alipo mpaka lero. Akalamba, koma mutu uli bwinobwino. Amakumbukira ngakhale amene adabatizidwa tsiku limodzi ndi ine. Nyumba yawo ili panjira ya kumunda kwanga, ndipo m'mawa uliwonse ndimawapeza pakhomo akuwothera dzuwa. Timapatsana moni. Timakamba za mvula ndi feteleza.

Kawiri konse ndidatula khasu kuti ndiwafunse. Ulendo woyamba ndidafunsa za chitopa chimene chidagwira nkhuku zawo. Wachiwiri ndidapempha madzi akumwa.

Akati munthu uja adafika mpira usadayambe, ndiye kuti msuweni adadya changa. Akati adachedwadi, ndiye kuti palibe adandilanda kanthu, ndipo zaka zonsezi ndakwiyira munthu wosalakwa. Yachiwiriyi sindikuifuna. Ndiye sindifunsa.