Nsapato za zala zandionetsa kwa apongozi

Banja, muli shani. Mboni zanga ndi ba Mulenga a pageti ndi mayi wa vitumbuwa pakona.

Lelo m'mawa ndayamba kuthamanga ndi nsapato zatsopano zopyapyala zija, zokhala ndi zala zisanu ngati phazi. Ndalumbila, pa Kabwata ndinaponda nyelele n'kumva kuti ndi yaikazi.

Nditafika ku Woodlands, galimoto inaima. Anali amake a Chanda, mtsikana amene ndikufuna kukwatila. Anayang'ana mapazi anga nthawi yaitali.

"Mwananga, ntchito ikadalipo?"

Ndinafotokoza zonse. Iwo anangogwedeza mutu.

Masana ano anditumizila nsapato za malemu amuna awo, zopolishidwa bwino, saizi 11. Ine ndimavala 7.

Amalume, Loweluka tikupita kwawo kukakamba za malowolo. Ndizivale ndi masokosi angati?