Zala Zosaphonya

Tinkawatchula Mayi Zala, ndipo silinali dzina lonyoza. Anagwira unamwino zaka 26 m'chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo panalibe wowaposa popeza mtsempha wogunda wa padzanja. Ife anamwino anzawo tinkabaya katatu wodwala akubuula. Iwo ankangoika zala ziwiri, n'kutsinzina, kamodzi basi.

Magazi a mumtsempha wogunda ndi amene amauza makina oyezera magazi ngati mapapo akulowetsa mpweya. Amakhala ofiira psuu, ndipo amakankha okha sirinji. A mumtsempha wamba ndi oderako, umachita kuwakoka. Madokotala atayamba kutenga onse awiri n'kumayerekezera, kuti mwina wamba angakwanire odwala apumeko kubayidwa, Mayi Zala anaseka.

"Wambayo zina amanena zoona, koma za mpweya amanama ngati mlamu," anatero. "Ukafuna zoona, funsa wogunda."

Chaka chatha amuna awo anagonekedwa pa bedi lachinayi, chibayo chitagwira mapapo onse. Lamulo silimalola namwino kugwira wachibale, choncho Mayi Zala anakhala pampando atapinda manja. Dokotala anafuna kudziwa ngati makina opumira akuthandiza. Ine ndinabaya kawiri, ndinaphonya, ndipo manyazi ake sanandichokebe. Dokotala nayenso anaphonya. Dzanja la bambowo linatupa.

"Tapatukani ana inu, mundipwetekera munthu," anatero Mayi Zala.

Palibe anatchula lamulo. Anaika zala ziwiri, natsinzina. Sirinji inadzaza yokha, tonse tikuona. Koma magaziwo anali akuda bii.

"Pepani mayi, mwalasa wamba," anatero dokotala, munthu wabwino koma wofulumira pakamwa. "Tiyesenso."

"Sindinaphonye."

"Taonani mtundu wake."

"Adokotala, ndati sindinaphonye. Ndikanakonda nditaphonya."

Ndinathamanga ndi sirinjiyo kumakina oyezera aja ndikupemphera kuti zalazo zikhale zakalamba. Pepala linatuluka. Magaziwo anali a wogundadi, koma mpweya munalibe. Mayi Zala sanafune n'kuliona komwe, anali akupukuta dzanja la amuna awo ndi thonje, pang'onopang'ono. Bambowo anatisiya Lachisanu masana.

Mayi Zala anabwerera kuntchito patatha mwezi. Masiku ano amatembenuza odwala, kuwasambitsa ndi kusintha nsalu za pabedi, koma sirinji sagwiranso. Zimandiwawa mtima kuona zala zimenezija zikupinda zofunda. Dzulo mtsempha wogunda wa wodwala wina unandivuta, ndinapita kukawapempha.

Sanadzutse n'komwe mutu.

"Tenga wamba, mwanawe," anatero. "Msiye aname."