Bafa la Chitseko la a Toktosun

A Toktosun anagwa m'bafa Lachinayi lina m'mawa, ndipo anagonamo maola awiri, madzi akuzizira, mpongozi wawo Salkyn akuzungulira panja ngati nkhuku yofuna poikira. Chitseko sichinali chokhoma. Kungochikankha ndi chala chikanatseguka. Koma mkazi wa mwana wako sakuona uli wosavala, ndipo nkhalambayo, fupa la m'nyonga litathyoka chomwecho, inkapezabe mphamvu yokuwa kuti, "Usalowe, kelin!" (ndimo amaitanira mkazi wa mwana wawo kumeneko). Salkyn anathamanga mdadada wonse kugogoda khomo ndi khomo. Amuna onse anali ku ntchito. Anachita kukaimitsa lole pamsewu n'kupempha dalaivala wosamudziwa kuti adzanyamule apongozi ake.

Munthu amene ananyamulidwa ngati thumba tsiku limenelo sanali munthu wamba pa nkhani ya madzi. A Toktosun anabadwira kumapiri, mwana wa mbusa wa nkhosa, ndipo anatsikira ku Balykchy, tauni ya m'mphepete mwa nyanja, ali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri asanaonepo ngakhale bwato. Anakalowa ntchito ku doko lokonzera sitima ngati wosesa. Pofika zaka makumi atatu, zitseko zonse za m'mimba mwa sitima, zija zimatsekera madzi kuti asalowe, ankawotcherera ndi iwo. Sankamwa, sankakonda nkhani, ndipo chodzitama nacho chinali chimodzi basi: chitseko chawo sichinadonthepo. Doko litatsekedwa anatsala ndi bokosi la zipangizo, nyumba ya pansi mu mdadada wa antchito, ndi mkazi wawo Uulkan amene ankawatsuka kumsana. Uulkan atamwalira anamuika pachitunda choonekera pa zenera la kukhitchini. M'mawa uliwonse a Toktosun ankamwa tiyi atayang'ana kumeneko.

Salkyn anali atakhala m'nyumbamo zaka khumi ndi zinayi. Masana ankagulitsa nsomba zowamba pamsewu waukulu, mphepo ya m'tauniyi ikumumwetsa mchenga, madzulo n'kumathirira apongozi ake tiyi ndi dzanja lamanja. Pamaso pawo sanavulepo mpango kumutu, sanayendepo wopanda masokosi, ndipo dzina lawo silinatulukepo pakamwa pake. Ankangoti Ata, kutanthauza bambo. Sizinkamuwawa zimenezi, ndimo anakulira. Chimene chinkamuwawa ndi maola awiri aja.

A Toktosun atatuluka m'chipatala, mwamuna wa Salkyn, Kubat, anaimba foni kuchokera ku Moscow kumene ankamanga nyumba za eni.

"Ata, zatha basi. Chipale chofewa chikangoyamba kugwa mupita kwa mlongo wanga ku Bishkek. Kumeneko kuli alamu ndi anyamata akuluakulu, azikusambitsani."

"Pa nsanjika yachisanu ndi chinayi," a Toktosun anatero. "Amayi ako ndiziwaonera pati?"

"Amayi anagona, Ata. Inu mukadali moyo, ndipo ine sindifuna kudzamva kuti mwafera m'bafa chifukwa cha ulemu."

Kubat sankalakwa, ndipo zimenezo ndi zomwe zinkapweteka. Nkhalamba inabweza foni kwa Salkyn. Kenako inapempha pensulo ndi kalendala yakale.

Inajambula sabata yathunthu kuseri kwa kalendalayo, dzanja likunjenjemera koma mizere ikutuluka yowongoka, chinthu chimene Salkyn sanachimvetse mpaka lero. Itamaliza inaitanitsa Sharshen, amene anaphunzira ntchito m'manja mwake kudoko, tsopano bambo wadazi wa zidzukulu zisanu. Sharshen anayang'ana pepalalo, analizondotsa, n'kuyang'ananso.

"Bafa la chitseko? Akulu, ku chipatala kuja anakubayani chiyani? Mawa mudzati tiike zenera pa ketulo."

"Ndinkadziwa kuti mutu wako ndi wongosungira chipewa. Mwendo wanga sungalumphe mpanda wa bafa. Ndiye mpandawo undipatse njira."

"Nanga madzi?"

"Chitseko chizitsegukira m'kati. Madzi akadzaza azichikankhira pa mphira. Akachuluka madzi, chimatsekekanso kwambiri. Zaka zonse zija umaphunzira chiyani, kusenda mbatatesi?"

Sharshen anakanda dazi lake n'kuseka. Patapita masiku atatu anabwera ndi thanki yakale ya mkaka, ya chitsulo chosachita dzimbiri, atakweza pa kalole ka mlamu wake.

Bafa lakale analigwetsa ndi nyundo. Latsopano analiwotcherera pabwalo, a Toktosun atakhala pampando, bulangeti m'miyendo, akuloza ndi ndodo paliponse pamene msoko sunawasangalatse. Linatuluka lalitali ngati kabati yaing'ono, lokhalamo osati logonamo. Chiundo cha pakhomo chinali zala zinayi zokha. Mpando wa m'kati anauyezera pa mpando wawo wa kukhitchini, uja amadzukapo popanda kubuula. Pofuna kudziwa poika zogwirira, nkhalamba inalowa ndi zovala, inatsinzina, inauza Sharshen kuti aikankhe pang'ono, ndipo pomwe dzanja linathamangira lokha ndi pomwe analemba ndi choko. "Dzanja la munthu wakugwa silifunsa mutu," inatero. "Chitsulo chikhale pomwe likupita."

Pansi anakhomapo timabampu ndi chisongole, mzere ndi mzere, ngati pansi pa sitima. Woyesa anali Salkyn. Anapakapo sopo, anavula masokosi chitseko atatseka, ndipo ulendo uno woima panja anali apongozi ake.

"Ukuterera, kelin?"

"Pakona ya kumanzere, Ata, pang'ono."

"Wamva, Sharshen? Pakona paja umasuta fodya."

Kubat atamva za misala imeneyi anakalipa pafoni, koma patatha milungu iwiri munthu wina wobwera kuchokera ku Moscow anadzasiya kaphukusi. Munali mpopi wosakaniza madzi, uja umakana kutulutsa madzi otentha kupyola muyezo ngakhale uupotokole bwanji. A Toktosun anautsegula zidutswazidutswa patebulo, anauona m'kati, n'kuubwezeretsa. Anangoti, "Amene anapanga ichi anali munthu."

Tsiku lodzaza madzi koyamba, Salkyn anagwada n'kuyendetsa nyuzipepala pansi pa chitseko. Inatuluka youma. Madzi anali m'khosi mwa bafa, olemera kuposa anthu atatu, ndipo chowatsekera chinali kachitseko kamene iye akanakanyamula ndi dzanja limodzi. Anachita mantha ndi ulemu nthawi imodzi. Zaka zonsezi ankathirira tiyi munthu wotere osadziwa.

Koma ndi iye amene anaona chomwe amisiri awiriwo sanaone. Sankayankhula pakati pa amuna, ndiye mawuwo anawanena akuyang'ana tiipoti.

"Ata, mwati madzi akadzaza chitseko sichitseguka."

"Ngakhale ng'ombe ichikoke."

"Nanga mukakomoka muli m'katimo?"

Sharshen anatsegula pakamwa kuti aseke, n'kutsekanso. A Toktosun anamuyang'ana Salkyn nthawi yaitali, mwina koyamba kumuyang'anitsitsa chilowereni m'nyumbamo.

Tsiku lachitatu anauza Sharshen kuti aboole khoma. Pansi pa bafa anawonjezera chibowo chachiwiri chotulutsira madzi, chachikulu ngati kambale ka tiyi. Kuchokera pa zotsekera zonse ziwiri anayendetsa waya wa chiwongolero cha bwato, kudutsa m'khoma, kukathera pa chogwirira chofiira m'kanjira ka panja pa chipinda chosambira. Sharshen anaganiza kuti ntchito yatha. Koma nkhalamba inatulutsa chinsalu cha tenti m'bokosi lake, inachikulunga pa ndodo yachitsulo, n'kuchimangirira kukhoma pamwamba pa bafa, pa waya yemweyo.

"Ichinso n'cha chiyani? Mukufuna muziyenda panyanja muli m'bafa?"

"Madzi akatha ndidzakhala ndili chomwe ndinabadwira," a Toktosun anatero. "Uyu adzaimanso panja maola awiri. Akakoka apo, madzi apite, nsalu igwe indifunde mpaka m'khosi. Akatero alowe."

Anayesera pa Sharshen, atavala ovololo yake, akudandaula kuti madzi akumulowa m'makutu. Salkyn anakoka. Madzi anabangula m'mapaipi, chinsalu chinagudubuzika n'kumuphimba kusiya dazi lokha, ndipo wotchi ya nkhalamba isanamalize mphindi yachiwiri chitseko chinatseguka ndi chala. Anabwereza kasanu. Kenako a Toktosun anapachika supuni pa chingwe pafupi ndi mpopi.

"Ndikamasamba ndizigogoda paipi. Supuni ikangokhala chete, usandifunse kawiri."

Kuyambira pamenepo ankasamba Lachisanu lililonse m'mawa, asanapite ku mapemphero, ndipo Salkyn ankachedwa dala kupita ku nsomba zake. Ankakanda ufa wa buledi kukhitchini akumvera ngo, ngo, ngo m'paipi. Nthawi zina pakati pa kugogodako pankamveka nkhalamba ikung'ung'udza kanyimbo ka kumapiri, munthu amene chimwalirireni Uulkan sanaimbepo.

Lachisanu lachitatu la Okutobala, nsonga za mapiri zitayera kale ndi chipale, supuni inaleka.

Salkyn anaima manja ali mu ufa. Anadikira. Anapita pakhomo n'kuitana, "Ata?" M'katimo munkangomveka dontho la mpopi. Miyendo yake inakumbukira malo amene inaima tsiku lija, ndipo kwa kamphindi inafuna kuthamangiranso kumsewu. Anagwira chogwirira chofiira ndi manja onse awiri n'kukoka.

Analowa nthunzi itadzaza chipinda. Nsalu inali itagwa. Pamwamba pake panali mutu wokha, utapendekera paphewa, milomo yotuwa, ndevu zikudontha. Mpando wautali uja ndi chogwirira cha m'mbali zinali zitawaletsa kutsetserekera pansi. Salkyn anawagwira mutu m'manja mwake, manja a ufa, koyamba kuwakhudza pa zaka khumi ndi zinayi. Anatsegula kazenera ndi chigongono, anawawaza madzi ozizira kumaso, akungoti Ata, Ata. Madzi atatha anakankha kachitseko, anawakulunga chinsalucho kumsana, n'kuwagwirizira pamenepo mpaka mpweya unabwerera bwino.

A Toktosun anatsegula maso. Anayang'ana Salkyn, anayang'ana nsalu, anayang'ananso m'mwamba pomwe inachokera.

"Yagwa mokhota," anatero. "Mbali ya kumanja yachedwa. Umuuze Sharshen."

Salkyn anaseka misozi ikutsika, mpaka anakhala pansi ponyowa.

Dokotala anati ndi kuthamanga kwa magazi, nthunzi yawachulukira, achepetse nthawi ndipo kazenera kazikhala kotsegula. Masana omwewo Kubat anaimba foni, mawu ali m'mwamba.

"Waona? Sindinanene? Konza katundu wawo, alamu abwera Lamlungu."

Salkyn anali asanamutsutsepo mwamuna wake pa nkhani ya bambo ake. Anaima pa zenera la kukhitchini, foni ili kukhutu.

"Ndaona, inde. Ulendo woyamba ndinaima panja maola awiri. Lero ndalowa mphindi imodzi isanathe. Ku Bishkek alamu amapita ku ntchito, anyamata ku sukulu, ndipo khoma lawo lilibe waya. Akakomoka kumeneko adzawapeza madzulo."

"Ndiye ukuti bwanji?"

"Ndikuti Ata sakupita."

Kubat anangofunsa, mawu atatsika, ngati mpopi uja ukugwira bwino ntchito. Za Lamlungu sanazitchulenso.

A Toktosun atagona tulo ta masana, Salkyn anamasula chinsalu chija kuti akachiyanike. Mphepo inali itayamba kale kuponya timadontho ta chipale. Atachitambasula pa chingwe ndi pomwe anaona zimene m'mawa uja, ndi nthunzi ndi mantha, sanazione. Chakumunsi kwake kunali zilembo zikuluzikulu za penti yabuluu yolembera mayina a sitima, zokhotakhota, zolembedwa ndi dzanja lonjenjemera. Pa tsiku loyesera pa Sharshen panalibe kanthu pamenepo. Apongozi ake anazilemba pambuyo pake ali okha, n'kukulunganso nsalu, podziwa kuti tsiku limene idzagwe mwina sadzatha kunena okha.

Zinati: Wachita bwino kulowa, mwana wanga.