Palibe Amene Anaba Tsitsi Langa

Ndiyambe ndi kuthokoza Mulungu, amene anandipatsa mayi osagwedezeka.

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Lirangwe, pamene tsitsi langa linayamba kusosoka. Pamutu panatsala chigamba chozungulira, chosalala, chosayabwa. Mankhwala a chipere sanathandize. Chitatuluka chachiwiri, azakhali anga anabwera kuchokera kwa Kuntaja.

"Amamumeta ndani mwanayu?" anafunsa.

"Abiti Saidi," anayankha mayi. Awa anali anansi athu achisilamu, amene ankameta ana pansi pa mtengo wa mango.

"Nanga lometedwalo mumataya nokha? Mlamu, mwasiyira munthu wa eni tsitsi la mwana, lero mukudabwa chiyani?"

Kwathu tsitsi lometa silisiyidwa pabwalo, kuopa kuti wina angalitole n'kukuchita nalo chipongwe. Mawu a azakhali anayenda. Sabata isanathe, ana analeka kupita kwa Abiti Saidi, ndipo iwo akafika pamjigo amayi ankasuntha zidebe. Ine anandimanga duku.

Mayi anakana za kwa sing'anga. Tinakwera minibasi mpaka kuchipatala ku Blantyre. Adokotala anasisita chigambacho nati, "Mayi, si chipere ichi, ndipo sichipatsirana. Asilikali a m'thupi, aja olimbana ndi matenda, asokonezeka, akumenya mizu ya tsitsi la mwini wake. Nthawi zina zimayenda m'mtundu. Kwanu kulibe wina?"

Mayi anayankha kuti, "Malemu apongozi anga. Ndevu zawo zinali zigambazigamba." Amenewotu anali bambo awo a azakhali omwewo.

M'mawa mwake mayi anandivula duku. Tinadutsa pamjigo mutu uli pamtunda, dzuwa likundiwotcha pazigamba, amayi akuyang'ana. Anandikhazika pampando wa Abiti Saidi.

"Anzanga, metani lotsalali," anatero mokweza. "Ndipo mukataye nokha."

Abiti Saidi anatenga lumo nandimeta. Azakhali anakhala nthawi yaitali osaponda pakhomo pathu.

Tsitsilo linamera, linasosokanso, mpaka lero limatero. Wigi sindivala, ngakhale ku Mvano. Amene amawerenga tsitsi la m'mitu yathu akudziwa kumene langa linapita, ndipo sanalipezepo m'nyumba ya mnansi. Ndinaphunzira kuti mudzi nawonso umadwala nthenda yangayi: umaona wake ngati mdani n'kumuzula.

Ambuye akusungeni, inu ndi ana anu, ndipo akugwireni lilime lisanazule munthu wosalakwa.