Ngongole Imene Ndinavomera Pamaliro

Mkazi wanga anamwalira Lachiwiri m'mawa, ndipo pofika swala, pemphero la masana, anali atavekedwa kale sanda. Kwawo ku Liwaladzi maliro a Chisilamu sagonera. Jeneza, chonyamulira maliro, lisananyamulidwe, shehe anafunsa monga mwa mwambo ngati malemu anasiya ngongole kwa wina aliyense, pakuti munthu sapita kumanda ndi za eni.

Kenako bambo wina anapita kukanong'oneza shehe, atatumidwa ndi amayi a m'gulu logulitsa usipa. Mkazi wanga anali atatenga ngongole kudzera m'gululo ku bungwe lina lobwereketsa ndalama kuti amange mathandala oyanikapo usipa, ndipo anzakewo ankaopa kuti bungwelo lidzalanda katundu wawo. Shehe atalengeza zimenezi, apongozi anga aamuna anaweramitsa mutu. Ndinaimirira n'kunena kuti kuyambira tsiku limenelo ngongoleyo ndi yanga.

Patatha sabata ndinapita ku ofesi ya bungwelo pa boma kukasaina kuti ilembedwe m'dzina langa. Nthawi imeneyo ndinkalemba mabuku a ndalama pa sitolo ina ku Dwangwa. Sitoloyo itatsekedwa, ndinalephera kulipira miyezi ingapo.

Mwana wathu wamkazi, wa zaka zitatu, anatsala kwa agogo ake. Alamu anga, omwe ndi malume ake, anandiuza mwaulemu kuti ndidzamutenge ndikadzapeza ntchito yokhazikika. Sindinatsutse. Ndinalembera mabanki atatu. Awiri sanayankhe, koma yachitatu inandiitana ku Lilongwe.

M'chipinda chofunsiramo ofuna ntchito munali anthu atatu. Mafunso a ntchito ndinayankha bwino, ndipo ndinaona bambo wina akugwedeza mutu movomereza. Ndiyeno mayi amene ankatsogolera anatulutsa pepala lochokera ku ofesi yosunga mbiri ya anthu obwereka ndalama. Anandifunsa chifukwa chake dzina langa linali pa mndandanda wa olephera kubweza. Ndinafotokoza mwachidule za maliro aja.

"Bambo, inu muli ndi dipuloma ya zowerengera ndalama," anatero. "Simunadziwe kuti ngongole zotere zimakhala ndi inshuwalansi? Mukanangopereka chikalata cha imfa, ikanafafanizidwa."

Ndinkadziwa. Ndine amene ndinawerengera mkazi wanga ndime imeneyo tsiku limene ankasaina, iye n'kuseka kuti ndiye akadzafa ndidzapindula. Koma chikalata cha imfa sichituluka tsiku lomwelo, ndipo thupi lake linali kudikira padzuwa. Ngakhale ku ofesi ya bungwe kuja ndikanatha kubweza mawu, koma ndinali nditawalankhula pamaso pa anthu, iye ali chigonere pomwepo.

"Ndinkadziwa, mayi," ndinayankha.

Analemba kenakake. Bambo uja anandiuza mofatsa kuti banki singaike pa kauntala munthu wa mbiri yotere. Anati ndimalize kulipira kenako ndidzayesenso, ngakhale kuti dzina silifafanizika msanga.

Mawa lake ndinatsika minibasi pa Liwaladzi. M'manja ndinali ndi kachikwama kofiira kamene ndinagula ndisanalowe m'chipinda muja, koikamo zovala za mwana. Ndinapeza alamu akusoka ukonde pansi pa mtengo wa mango.

"Bwanji alamu, tiyambe kukutchulani kuti abwana?" anafunsa akuseka.

Nditawauza, anasiya kuseka koma sanasiye kusoka. Anati Mulungu ndiye mwini, kenako anawonjezera kuti mwana sakuvutika, akudya, ndipo ayamba kupita naye ku madrasa pamodzi ndi ana awo. Za tsiku lodzamutenga sanatchulenso.

Mwanayo anabwera akuthamanga, miyendo ili mchenga okhaokha. Anapisa m'thumba la malaya anga n'kupeza tikiti ya basi, ndipo anakana kundibwezera. Anafunsa kuti kachikwamako n'kandani. Ndinamuuza kuti n'kake. Anaikamo tikitiyo, n'kuthamanga nako kukaonetsa agogo ake. Ine ndinabwerera kumsewu kukadikira minibasi ya ku Dwangwa.